Funsani Azakhali: Mbiri ya amayi athu, mphunzitsi wa ku Mabvuku, tiinene bwanji?

Azakhali,

Ndikulemba kuchokera ku Mabvuku kuno ku Harare. Amayi anga, Anaphiri, anatisiya chaka chatha m'nyengo yachisanu ndipo tinawaika m'manda konkuno. Iwo anabadwira ku Dedza, koma anabwera ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ali kamtsikana pamodzi ndi agogo athu aakazi, kutsatira agogo aamuna amene ankagwira ntchito yophika m'nyumba ya mzungu. Atakula anakhala mphunzitsi wa pulayimale, ndipo anaphunzitsa zaka zoposa 30 mpaka pamene anapuma. Ife ana awo tinakula tikuwaona usiku uliwonse ali patebulo la kukhitchini, akuchonga makope ndi cholembera chofiira, magetsi akazima akuyatsa kandulo, ndipo aliyense wa ife ankadziwa kuti kugwedeza tebulolo unali mlandu waukulu. Anali wa Chigwirizano, gulu la amayi la mu mpingo wathu wa CCAP. Anasiya ana asanu ndi zidzukulu zambiri.

Abale tagwirizana kuti mu Ogasiti tivundukule chiliza chawo, ndipo ine, pokhala mwana wamkazi woyamba, andisenzetsa ntchito yolemba mbiri yawo ndi kuiwerenga pa tsikulo. Pa maliro mbiri inawerengedwa ndi mkulu wa mpingo, koma inali yaifupi kwambiri: anabadwa, anabatizidwa, anakwatiwa, anadwala, anamwalira. Za uphunzitsi wawo anangotchula mongodutsa, ndipo zimenezi zinandiwawa. Tsopano ndakhala pansi ndi pepala koma ndikusowa poyambira. Chaka chobadwa chimene chili pachitupa chikusiyana ndi chimene iwo ankanena. Amayi anali aukali, ankakwapula ana kusukulu ngakhalenso kunyumba, ndipo alongo anga akuti zimenezo ndisazitchule n'komwe. Zidzukulu zambiri sizimva bwino Chichewa. Pamwamba pa zonsezi, amalume athu a ku Dedza atumiza mawu akuti mwambo wokumbukira mlongo wawo uyenera kuchitikira kumudzi osati m'tauni ya eni. Ndithandizeni nzeru.

Nabanda, Mabvuku

Yankho

Pepani Anabanda, ndipo mawu omwewa muwafikitse kwa alongo anu ndi kwa ana onse a pakhomopo. Ndiyambe ndi kumuchotsera mlandu mkulu wa mpingo uja. Mbiri ya pamaliro imalembedwa usiku, anamfedwa ali m'misozi ndipo palibe amene mutu wake ukugwira bwino, choncho wolembayo amangotenga zimene zili m'kaundula wa mpingo ndi zimene wina wamunong'oneza pakhomo. Imeneyo inagwira ntchito yake pa tsiku lake. Inu muli ndi miyezi yokonzekera, ndipo mukhoza kuchita zimene iye sakanatha.

Chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi ichi: mbiri ya munthu imamveka ikamanena zimene iye anachita, kwa yani ndiponso kuti. Mawu akuti malemu anali achikondi, olimbikira ntchito, oopa Mulungu ndi osakonda mikangano amanenedwa tsiku ndi tsiku kumanda a ku Mabvuku, ku Warren Hills ndi ku Granville, ndipo anthu amawamva ngati mmene amamvera kulira kwa galimoto yodutsa pamsewu. Mukalemba chiganizo, dzifunseni ngati chikhoza kuwerengedwa pa manda oyandikana nawo popanda kusintha liwu limodzi. Ngati chikhoza, chichotseni kapena chipatseni umboni. M'kalata yanu mwalemba kale chiganizo chimene sichingasamuke: tebulo la kukhitchini, cholembera chofiira, kandulo, ndi ana oopa kugwedeza tebulo. Aliyense amene angamve zimenezo adziwa yekha kuti mayi ameneyu anali wolimbikira ntchito, inu osalitchula liwulo.

Pepalalo liikeni kaye pambali, muyambe ndi anthu, ndipo muyambe ndi okalamba chifukwa iwowo sadikira. Pitani kwa amayi a Chigwirizano amene ankakhala nawo benchi imodzi m'tchalitchi, kwa aphunzitsi anzawo amene anapuma nawo ntchito, ndi kwa anansi a mumsewu mwanu amene anawaona akulowa m'nyumbayo. Funafunaninso ophunzira awo akale, amene simudzavutika kuwapeza, pakuti mphunzitsi wa zaka 30 pamalo amodzi amakhala ataphunzitsa woyendetsa kombi amene mumakwera, namwino wa kukiliniki ndi mayi wogulitsa tomato pamsika. Koma samalani kafunsidwe. Mukafunsa kuti amayi anali munthu wotani, aliyense adzakuyankhani mwaulemu kuti anali munthu wabwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Afunseni kuti ankati chiyani mwana akafika mochedwa, kuti ana anawapatsa dzina lanji lowatchula kuseri, kuti ankatani ndi mwana wobwera wopanda pensulo kapena wosadya, kuti ndi nyimbo iti imene ankayambitsa pamzere m'mawa. Mafunso otere amamasula lilime. Pemphani chilolezo chojambula mawu awo pafoni, ndipo mukabwerera kunyumba lembani tsiku lomwelo zimene zakukhudzani.

Kenaka tsegulani sutikesi kapena thiranki imene mayi aliyense wa msinkhu wawo ankasunga kunsi kwa bedi. M'menemo mumapezeka satifiketi ya uphunzitsi, mapepala a malipiro okhala ndi nambala yawo ya ntchito ya boma yotchedwa EC, khadi la ubatizo, makalata ochokera kumudzi, ndi zithunzi za kalasi zija zimene mwana wa kutsogolo ankanyamula kabolodi kolembedwa chaka ndi giredi. Yang'ananinso tsamba loyamba la Baibulo lawo, pamene ambiri ankalemba masiku obadwa a ana ndi a imfa za abale. Ndi nambala ya EC mukhoza kufunsa ku ofesi ya maphunziro ya dera lanu za sukulu zimene anaphunzitsako, ndipo mphunzitsi wamkulu wa sukulu yawo yomaliza akhoza kukuonetsani mabuku akale a sukuluyo ngati anasungidwa.

Za chaka chobadwa musade nazo nkhawa kwambiri, chifukwa vuto limeneli lili pafupifupi m'banja lililonse la ife amene makolo athu anachokera ku Nyasaland. Ambiri anabadwira kumudzi kopanda kaundula, ndipo zaka zawo zinangoyerekezedwa ndi kalaliki poyang'ana nkhope, enanso anachepetsedwa zaka dala kuti alowe sukulu. Njira yoyandikira choonadi ndi kufunsa akuluakulu potengera zochitika zimene saziiwala: njala ya 1949, kuyamba kwa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, kubwerera kwa Kamuzu Banda mu Julayi 1958, kumangidwa kwake mu Malichi 1959 pamene anamutsekera kundende ya ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru, ndi ufulu wa Malawi pa 6 Julayi 1964. Amalume anu akanena kuti pa nthawi ya njala mlongo wawo anali kumsana kapena anali atayamba kutunga madzi, mwapeza kale malire. Ngati anabatizidwa ali wakhanda, mpingo wa kwawo pansi pa Sinodi ya Nkhoma ukhoza kukhala ndi dzina lawo m'buku la ubatizo. Powerenga mbiri mukhoza kunena poyera kuti chitupa chimati chaka chakuti koma eniake ankati chakuti, ndipo anthu a msinkhu wawo adzagwedeza mitu chifukwa nawonso zili chomwecho. Pamwala pokha ndiye mugwirizane chaka chimodzi musanapite kwa wosema.

Gawo limene ndikufuna mukhalitsepo ndi la ulendo wochokera ku Dedza, chifukwa zidzukulu zimene mukuti sizimva Chichewa n'kutheka kuti sizidziwanso chifukwa chake zili kuno. Agogo anu aamuna anali mmodzi wa amuna ochuluka zedi a ku Nyasaland amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, kunjanji ndi m'nyumba za azungu, pofuna ndalama za msonkho ndi zovala. Ena anayenda pansi kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena anakwera malole aja ankatchedwa Ulere, ena analembedwa ntchito ndi bungwe lolemba antchito lotchedwa Mthandizi. Amene sanabwerere kwawo ankatchedwa matchona, ndipo dzinali silinali lotamanda. Mabvuku inayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo ambiri okhalamo anali ophika, osamalira maluwa ndi olera ana m'nyumba za ku Highlands ndi ku Greendale, n'chifukwa chake mpaka lero Chichewa chimamveka m'misewu yake. Mpingo umene amayi anu ankapemphera unatsatira anthu omwewa: ntchito yake mu Salisbury inayamba mu 1912, ndipo mu 1965 unakhala sinodi payokha mu CCAP. Afunseni amalume kuti agogo aakazi anaganiza bwanji zotsatira mwamuna wawo, pamene akazi ambiri ankangotsala kumudzi kudikira kalata ndi bulangete, ndiponso kuti kamtsikana kaja kanakumbukira chiyani za ulendowo.

Mukaika zimenezi patsogolo, uphunzitsi wa amayi anu udzaoneka kukula kwake. Mwana wamkazi wa khukhi wochokera kunja, amene kunyumba ankayankhula Chichewa, anaphunzira Chishona ndi Chingerezi mpaka kufika poima kutsogolo kwa kalasi n'kuphunzitsa ana a eni dziko kuwerenga chiyankhulo chawo chomwe. Ndani anamulipirira fizi? Ndani anaumirira kuti asakwatiwe msanga? Funsani, chifukwa pamenepo pamakhala munthu wina woiwalika amene ayenera kutchulidwa. Onani pa satifiketi ngati anachita kosi ya PTL kapena PTH monga ankachitira aphunzitsi a pulayimale ufulu usanabwere, kapena ngati analowa kudzera mu ZINTEC, imene inayamba mu 1981 pofuna kuphunzitsa aphunzitsi ambiri mwamsanga. Zaka zotsatira ufulu wa 1980 zinali zolemetsa kwa aphunzitsi: boma litachotsa fizi ya pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuposa kawiri m'zaka zochepa, zipinda zinachepa, ndipo m'sukulu za m'malokeshoni ana ena ankalowa m'mawa, ena masana, kusinthana mabenchi asanazizire. Makope amene munkawaona patebulo paja anachokera kumeneko. Ndiye panabwera 2008, pamene ndalama inatha mphamvu mpaka malipiro a mwezi osakwanira ngakhale kukwera kombi masiku angapo, aphunzitsi ambiri n'kuwolokera ku South Africa ndi ku Botswana, ndipo mapenshoni a amene anali atapuma anasanduka mapepala chabe. Nenani kumene chaka chimenecho chinawapeza amayi anu ndi mmene anapulumukira. Ngati ankagulitsa masamba pageti kapena kuluka majuzi kuti zidzukulu zidye, musachite nazo manyazi, chifukwa theka la anthu amene adzakhale pamandapo anachita zomwezo.

Tsopano za ukali. Alongo anu akufuna kuteteza ulemu wa mayi wawo, ndipo cholinga chawo n'chabwino, koma sindikugwirizana nawo. Pamwambopo padzakhala amuna ndi akazi a imvi amene manja awo akukumbukirabe rula ya Anaphiri, ndipo mukadzanena kuti anali mayi wofatsa wosakweza mawu, iwo adzayang'anana, kenaka adzaleka kukhulupirira zina zonse zimene mukuwerenga. Nenani kuti anali aukali, kuti sankalola kope lauve kapena mwana wonama, kuti ankalanga monga ankalangira aphunzitsi a nthawi yawo. Anthu adzaseka pang'ono, ndipo kuseka kotere pa chiliza si mwano. Koma musatamande chikwapu, kapena kunena kuti ana a lero akuonongeka chifukwa sakwapulidwa. Lamulo la maphunziro la Zimbabwe linaletsa kukwapula ana m'sukulu mu 2020, ndipo mwa ophunzira awo akale mwina alipo amene ndodoyo inamusiyira mantha osati nzeru, amene naye ayenera kulemekezedwa. Fufuzaninso mbali ina ya ukali womwewo, pakuti kawirikawiri mphunzitsi amene ankakalipira mwana wosalemba ntchito ndi yemweyo amene ankapita kunyumba kwa mwanayo madzulo kukafunsa makolo chifukwa chake wajomba. Mukaipeza nkhani yotere, iikeni pafupi ndi ya rula ija.

Zimene muyenera kuzisiya ndi zina: mikangano ya m'banja, nkhani za nyumba ndi katundu, mavuto a ukwati wawo ngati analipo, ndi tsatanetsatane wa matenda. Kunena kuti anadwala miyezi ingapo n'kokwanira, ndipo mutchule mayina a amene anawadwazika, makamaka ngati anali mpongozi kapena mdzukulu amene nthawi zambiri sayamikiridwa.

Za umayi ndi uagogo wawo, musayese kunena zonse nokha. Inu mukudziwa mayi amene ankalera ana asanu uku akugwira ntchito, koma zidzukulu zikudziwa munthu wina, amene mwina anali atafewa, wozibisira zitumbuwa ndi kuzikhululukira zimene inu akanakukwapulirani. Sankhani mdzukulu mmodzi kapena awiri, aliyense anene chinthu chimodzi chimene akukumbukira, m'chiyankhulo chimene iye amachitha, kwa mphindi ziwiri. Auzeni asakopere mawu pa intaneti, chifukwa ndakhala ndikumva ndakatulo imodzimodzi ya Chingerezi ikuwerengedwa pa manda a agogo osiyanasiyana, ndipo siinena kanthu za aliyense wa iwo.

Mbiri yeniyeniyo ndikulangizani kuti muiwerenge m'Chichewa, chiyankhulo chimene amayi anu ankapempherera ndi kukalipira ana awo. Igaweni m'zigawo zazifupi, ndipo mukatha chigawo chilichonse mdzukulu wodziwa ziyankhulo zonse anene mwachidule m'Chishona kuti apongozi, anansi ndi ana amve. Pasakhale wochita manyazi ndi zimenezi. Amayi anu anakhala moyo m'zaka zimene anthu athu ankabisa chiyankhulo chawo pa basi poopa kunyozedwa, ndipo ambiri obadwira konkuno anayenda ndi zitupa zowatcha alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma la Zimbabwe, ndipo anatsegula njira ya unzika kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC. Kuwerenga kwanu kusapitirire mphindi 10 kapena 12 kuphatikiza kumasulirako, pakuti anthu adzakhala ataimirira padzuwa ndi mphepo ya Ogasiti. Zotsala zonse zimene mudzasonkhanitse muzisindikize m'kabuku ka masamba ochepa, kokhala ndi zithunzi zolembedwa mayina kunsi kwake, kuti nyumba iliyonse ya ana ndi zidzukulu ikhale ndi kake. Yesererani kuwerenga mokweza kunyumba kangapo, ndipo pa tsikulo m'bale wina aime pambali panu ndi pepala lake kuti mawu akakutsamwani apitirize iye.

Nkhani ya amalume ndiyo ikufunika kuigwira ndi manja awiri. Kwa ife Achewa, mlongo wa mayi ndiye mwini mbumba, ndipo ngakhale inu munabadwira m'tauni imene mwambo wa eni ake umatsata kuchimuna, iye akuyankhula ali pampando wake. Musamuyankhe ndi uthenga wa pa WhatsApp wotumizidwa ndi mwana. Muimbireni foni inu ndi mlongo wanu wamkulu, mupepese kuti munakonza tsiku musanamufunse ngati zinatero, ndipo mumvetsere kaye. Akamati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, n'kutheka kuti chimene chikumupweteka si malo a mwambo, koma kuti mlongo wake anapita ali mwana, wagona kutali, ndipo ana ake sakudziwika kumudzi. Mufotokozereni mwaulemu kuti chiliza chimamangidwa pamene pagona munthu, ndipo Anaphiri agona ku Harare, komwe kuli ana amene anawaphunzitsa ndi mpingo umene anautumikira. Mupempheni kuti abwere, ndipo ana musonkhe ndalama ya basi ndi ya mapepala oyendera. Ulendo wa pamsewu wodzera ku Tete ndi ku Nyamapanda ndi wotopetsa kwa munthu wamkulu, choncho abwere ndi womuperekeza ndipo afike kudakali masiku. Pamwambopo iye ayankhule inu musanawerenge, anene mudzi, mfumu ndi mayina a makolo, chifukwa zimenezo ndi zake ndipo palibe wina angazinene bwino.

Mumufunsenso mosazungulira kuti mwambo umene akufuna kumudziko ndi wotani. Ngati ndi mapemphero ndi chakudya cha abale, gwirizanani nthawi ina mukatha kupuma ku zowonongera za chiliza, ndipo ana awiri kapena atatu apite ndi kabuku kaja ndi chithunzi cha mwala. Ngati akunena za mowa wa maliro ndi gule, mukumbutseni modekha kuti mlongo wake anali wa Chigwirizano mpaka tsiku lomaliza, ndipo chikumbutso chake chiyenera kutsata chikhulupiriro chimene iye mwini anasankha. Nkhani imeneyi ikavuta, pemphani mkulu wa mpingo wa kumudziko kuti akhale mkhalapakati.

Ogasiti mwasankha bwino. Mvula kulibe, sukulu zimakhala zitatseka kotero aphunzitsi ndi ana a sukulu akhoza kubwera, ndipo tchuthi cha Heroes, chimene chimakhala Lolemba lachiwiri la mweziwo, chimapatsa mpata abale a kutali. Ngati pangakhale chifukwa chosunthira tsikulo, pewani Novembala, mwezi umene apongozi anu Achishona sachita miyambo ya mtundu uwu. Pitani msanga ku ofesi yoyang'anira manda mukafunse za chilolezo ndi miyeso yololedwa musanalipire wosema. Mwala wakuda wa ku Mutoko ndi wolimba ndipo osema ake ndi ambiri mumzinda muno, koma ambiri a iwo sadziwa Chichewa, choncho mawu onse muwalembe ndi zilembo zazikulu, ndipo mukaone ndi maso anu zimene ajambula asanayambe kusema, pakuti ndaonapo miyala yokongola imene Phiri anasanduka Piri ndipo l aliyense anasanduka r. Pamwalapo pakhale dzina lawo lonse, mfunda wawo, mudzi wa kwawo ku Dedza, ndi liwu lakuti mphunzitsi. Kukula kwa mwala kutsate thumba lanu. Mayi amene ankachonga makope pa kandulo kuti ana aphunzire sangakondwe kumva kuti mdzukulu wabwezedwa kusukulu chifukwa fizi yake inapita ku chiliza.

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka za m'ma 50, ndinakulira ku Mufakose koma tsopano ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Ndamva mochedwa kuti aphunzitsi anga a giredi 7 anamwalira ndipo banja lawo likukonza mwambo wa chikumbutso. Chaka chimene ndinali m'kalasi mwawo bambo anga anachotsedwa ntchito, ndipo mayi ameneyu anandigulira yunifolomu ndi nsapato mwakachetechete, nandiuza kuti ndisauze munthu. Sindinabwererenso kukawathokoza, ndipo ana awo sandidziwa. Kodi n'koyenera kuti ndipite kapena ndiyankhule, popeza si ine wachibale ndipo iwo anandiletsa kuulula?

Wophunzira wakale, Johannesburg

Yankho

Bambo, pitani ngati mungathe, pakuti maliro n'kulirana ndipo pa chikumbutso cha mphunzitsi wophunzira wake si mlendo. Koma musangotulukira pa tsikulo n'kupempha mpata woyankhula, chifukwa banja limakhala litakonza kale ndondomeko ndipo munthu wosadziwika akaimirira anthu amayamba kudzifunsa kuti wabwera ndi nkhani yanji. Pezani nambala ya mwana wawo wamkulu kudzera kwa anzanu a m'kalasi kapena kwa akulu a mpingo wawo, mudzidziwitse potchula sukulu ndi chaka, mupepese maliro, ndipo mufotokoze nkhani yanu kwa iye yekha poyamba. Iye ndiye adzaone ngati ikanenedwe pagulu ndi inu, kapena ilowe m'mbiri imene akulemba.

Za chinsinsi chija, ganizirani chifukwa chimene anakuletserani. Mayi ameneyo ankateteza inu ndi bambo anu ku manyazi pamaso pa ana anzanu, ndiponso ankadziteteza kuti makolo onse ovutika asadzaze pakhomo pake pamene malipiro ake anali ochepa. Zifukwa zonsezo zinatha kalekale. Manyaziwo anali anu, ndipo inu ndinu mwini wake wowamasula. Ana ake n'kutheka kuti chaka chimenecho anamanidwa kanthu kena osadziwa kumene ndalama inapita, ndipo ayenera kudziwa. Monga ndalangizira Anabanda pamwambapa, nenani zinthu mmene zinalili: mtundu wa nsapatozo, kumene anakuitanirani pokupatsani, mawu amene ananena, ndi ntchito imene mukugwira lero.

Chipepeso perekani monga mwa mwambo, kudzera mwa amene wasankhidwa kulandira, osachionetsera. Ngati mtima wanu ukufuna kuchita choposa pamenepo, kambiranani ndi banjalo za kugulira yunifolomu mwana mmodzi wovutika wa pasukulu yomweyo chaka chilichonse m'dzina la malemu, koma mulonjeze chokhacho chimene mudzakwanitse ngakhale chaka chimene ntchito idzavute. Mukalephera kupeza tchuthi kapena mapepala oyendera, lembani kalata ya tsamba limodzi muitumize kudakali masabata awiri, kuti wolemba mbiri apeze nthawi yoiika pamalo pake.